Kodi pakamwa panu pauma, adzukulu anga?

Senderani kuno, adzukulu anga, ndipo timafoni tanuto mutiike kaye pansi. Galu wamkota sakandira pachabe. Ndakhala ndikutchera khutu mukamayamikira anzanu, ndipo manyazi amene akanayenera kukugwirani inu akumandigwira ine.

Mwana wakhoza mayeso a Fomu 4, inu: "Congrats." Wina wakhoma malata atadya thukuta lake zaka ndi zaka, inu: "Wow." Mlongo wanu wachira, wabwera kuchokera kuchipatala khanda lili m'manja, inu "Congrats" yemwe uja, osadzuka n'komwe pampando. Wina wangometa tsitsi, "Wow" yemweyonso. Ha! Kumeta ndi kubereka zinalingana liti?

Kale, adzukulu anga, kuyamika inali ntchito, ndipo thupi lonse linkaigwira. Mayi akakupatsa nsima sunkangosamba m'manja n'kunyamuka ayi. Unkawomba m'manja modekha n'kumutchula ndi mfunda wake: zikomo Nabanda, zikomo Naphiri, zikomo Nambewe. Ukatchula mfunda wayamika mayiyo, wayamika amene anamubala, wayamikanso ena amene anagona kalekale kumsitu. Choncho kuti uyamike munthu unkayenera kuyamba wamudziwa, iye ndi kwawo. Nanga inu, mnzanu amene mumadya naye mbale imodzi kusukuluko, mfunda wake mumaudziwa? Wanu womwe ena mumachita kuimba foni kufunsa amayi anu. Mlenje akatulukira ndi nyama paphewa, nthungululu zinkamuchingamira asanafike pabwalo. Wovina akatimula fumbi tinkamufupa, kaya ndi kandalama, kaya ndi dzira, kaya ndi nkhuku yomwe. Kuyamika kunkatichotsera kanthu m'thumba, mwinanso kutisupula mawondo.

Mukapeza mpata mu Ogasiti mudzapite ku Mkaika ku Katete, ku Zambia, mukaone Kulamba. Mafumu a Achewa ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amafika ndi mphatso pamaso pa Kalonga Gawa Undi, khamu lonse n'kuyankha pamodzi kuti "Yooo Gawa!" Angoni nawo ali ndi "Bayete" wawo wa Inkosi ya Makosi. Mawu otere ali ndi mwini, sungawaponyere wogulitsa mandasi. Paja tinali nalonso dzina lija la Ngwazi. Koma apa ndingodutsapo msanga, chifukwa ife amene tinaona a Kamuzu akusanduka Wamuyaya mu 1971 tikudziwa kuti chitamando chikasefukira chimaledzeretsa wotamandidwa, otamandawo n'kumaimba ndi mantha.

Musati agogo akudana ndi Chingerezi. Ayi ndithu. Eni akewo ali ndi nkhokwe yodzaza, ndipo liwu lililonse lili ndi malo ake. Commend amanena wamkulu kwa wantchito kapena msilikali amene wachita bwino. Extol mudzalimva kwambiri m'kachisi, pokweza Mulungu. Acclaim ndi la khamu, pamene anthu onse avomereza ndi mfuwu. Ulemu waukulu nawonso sautaya wamba. Alex Ferguson, uja mumamulirabe, anafika ku Manchester United mu 1986, koma u-Sir anaulandira mu 1999, atatenga zikho zitatu zikuluzikulu chaka chimodzi. Ndipo mudziwe kuti wolandira ulemu umenewu amagwada, mfumu n'kumukhudza mapewa ndi lupanga. Mwamva? Ngakhale Mngerezi amagwada! Inu mwalowa m'nkhokwe yonseyo n'kutuluka ndi timawu titatu tokha, ndiye mukutizunguza usana ndi usiku mpaka taperepeseka. Mnzanu wakugulirani mayunitsi, basi ndi "legend". Woitanira minibasi akakuti "bigi" kapena "bosi" mumakwera mapewa ali m'mwamba, osadziwa kuti akulemekeza chikwama chanu. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Koma chimene chinandiumitsa thupi ndi cha mbuzi. Argentina itatenga chikho cha dziko lonse ku Qatar mu 2022, mudzi wonse wa achinyamata unali kukuwa kuti Messi ndi GOAT. Munandifotokozera, inde, kuti ndi zilembo zoyamba za mawu anayi onena wopambana onse chiyambire. Ndinamva. Koma chithunzi chimene mumatumizirana m'mafonimo ndi cha mbuzi yeniyeni, ya nyanga ndi ndevu zomwe! Kwathu kuno ukatcha munthu wamkulu kuti mbuzi, nkhani imakathera kwa amfumu, ndipo ukachita tsoka mbuzi yako yeniyeni ndiyo imatuluka m'khola. Pelé anatenga chikho chomwecho katatu, mu 1958, 1962 ndi 1970, ndipo anthu a kwawo ku Brazil anamutcha mfumu. Amenewo ndiwo anthu olongosoka. Koma mwana wathu Temwa Chawinga anakagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024, atavala malaya a Kansas City Current, mpaka kusankhidwa wosewera wopambana onse chaka chimenecho, inu m'malo momuimbira nthungululu mwamusandutsa chiweto. Mwaiwala kodi kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi?

Ndikukuonani mukutsinana. Mumtima mukuti tsabola wakale sawawa. Chabwino, sekani, mawu a akulu akoma akagonera. Koma popeza adzukulu ndinu, ndipo manda anga adzakumba ndinu nomwe, ndikupangireni mawu mano akadali m'kamwa. Tsiku langa likadzafika ndisadzamve wina akuti "rest well, legend". Mudzanene kuti agona a Mwale, amene ankasema mipini yosaguluka ndipo sanabwezepo mlendo ndi njala. Ndipo amene adzayerekeze kuika chithunzi cha mbuzi pafupi ndi changa, ameneyo ndidzamulotetsa mwezi wathunthu.