Tiwaombere M'manja aMswachi Opuma Pantchito

Karonga ali ndi zomutchukitsa zambiri: mpunga wa Kilombero, mgodi wa Kayelekera, gule wa mapenenga, ndi dzuwa losadziwa chisoni. Koma pali nkhalamba ina imene atolankhani amangoidumpha, chonsecho anyamata otchena pa Boma sakanayenda monyang'wa ikanapanda iyo. Ndikunena aMswachi, aja munatsukira mano mpaka tsitsi lawo lonse kubalalika.

Madokotala a mano amati mswachi uzisinthidwa pakatha miyezi itatu. Ife timawonjezerako ndithu, ndipo tsiku limene timati watha ndi limene ntchito yake yeniyeni imayamba. Anthu ena akapuma pantchito amakhala pakhonde kudikira penshoni. AMswachi amasamutsidwa kuchoka m'kamwa kupita kumapazi, osadandaula n'komwe kuti atsitsidwa udindo.

Kawaoneni kumsika tsiku lotsegula belo. Kaunjika wawoloka mlatho wa Songwe kuchokera ku Kasumulu, ndipo m'katimo mwatuluka Nike, Adidas ndi Converse zimene zinatopa kale ndi misewu ya mayiko ena. Zoyera zafiirira, zakuda zatuwa. Wogulitsa sataya mtima. Amatunga madzi m'beseni, kuthiramo sopo waufa, n'kuitana aMswachi. Iwo amalowa paliponse: m'timizere ta kunsi, m'mabowo a zingwe, m'mphepete momwe chala sichifika. Pofika masana nsapato ija yabwerera ku unyamata, mtengo nawo wakwera.

Ku America kupenta nsapato ndi luso la ndalama zambiri. Munthu amagula Air Force 1, nsapato imene Nike inatulutsa mu 1982, n'kuipukuta ndi acetone kuti penti igwire. Amamata tepi pamene sakufuna kudetsa, amapaka penti ya zikopa ya Angelus pang'onopang'ono kangapo konse, kenako amatsekera ndi mankhwala oteteza mtundu. Maburashi ali mbwee pathebulo, lililonse ndi ntchito yake, ndipo ena ali ndi makina opopera penti. Kuno zida zonse zimakwana m'jumbo imodzi: kabotolo ka Kiwi woyera, dayi wakuda, penti yotsala polemba chikwangwani cha golosale, seletepi, ndi kamtengo ka machesi kojambulira mizere. Mkulu wa zonsezi ndi aMswachi. Otsuka ndi iwo, opaka ndi iwo. Mukawaviika m'penti n'kuwakanda ndi chala chachikulu, amawaza timadontho waa pansapato yonse, maonekedwe amene kunjako anthu amalipirira madola.

Pamene kampani ya DuPont inabweretsa mswachi wa nayiloni mu 1938, kulowa m'malo mwa ubweya wa nkhumba, inkaganiza kuti ikuthandiza mano. Sinadziwe kuti ikukonzera amisiri a ku Karonga chida chosachita dzimbiri, chosafuna magetsi a ESCOM, chosalipiridwa msonkho pachipata chilichonse.

Alipo amiseche amene amati aMswachi ndi mnzake wa chinyengo. Amati mumagula nsapato yoyera mbee, kukwera kabaza, ndipo musanafike kwanu fumbi laikwirira. Kutentha kwa Okutobala kukafika, penti imang'aluka popindika zala. Mvula ikagwa, mtsinje wa North Rukuru n'kusefukira, dayi yense amatsikira m'sokosi, nsapato n'kuulula zaka zake zenizeni. Chikomekome cha nkuyu, amatero, m'kati muli nyerere.

Bwanawe, tisaweruze mopupuluma. Kodi aMswachi analonjeza ndani kuti penti ya chikwangwani idzakhalitsa pakanvasi? Iwo anapatsidwa ntchito yoti mnyamata akafike pachinkhoswe akuwala, ndipo anafikadi akuwala. Za mawa lake n'za eni mapazi. Komanso taganizani: nsapato ikanati ikapentedwa kamodzi basi yatha, mmisiri wa pansi pa mtengo uja akanadya chiyani? Fumbi limadetsa, dzuwa limang'amba, mvula imatsuka, kasitomala amabweranso. Chuma cha dziko chikanamayenda mokhulupirika chotere, bwenzi tili patali.

Choncho ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, nyumba yosungira mbiri yakale ya pa Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, ipeze kagalasi pafupi ndi mafupa a Malawisaurus n'kuikamo mswachi umodzi wothothoka bwino. Chinyama chija n'chachikulu, inde, koma sichinayeretsepo nsapato ya munthu ngakhale imodzi.

Chachiwiri n'cha pakhomo. AMswachi akapuma pantchito ya m'kamwa, amangiridwe kachingwe kofiira ndipo asabwezedwenso m'kapu ya anzawo. Iwo sasankha ntchito. Mukawatola m'bandakucha magetsi atazima, adzakupakani dayi m'mano mwaluso lomwe lija, ndipo tsiku limenelo kutchalitchi mudzaimba mutatseka pakamwa.