Fodya wa Pachala ndi Mabuku a Pashelefu

Mwambi wakuti "fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo" unachokera kwa anthu okoka fodya wopera, uja amatsinidwa ndi zala ziwiri kuchokera m'kabotolo, ndipo akuluakulu amene anauyambitsa anaona kuti ngakhale mtunda wa pakati pa chala ndi mphuno ndi waufupi, kamphepo kangathe kumulanda munthu zonse asanayetsemule n'komwe. Phunziro lake n'lakuti chinthu chimasanduka cha munthu akachigwiritsa ntchito, osati akangochigwira m'manja. Okoka fodya wotere achepa masiku ano, koma mwambiwo sunasowe ounena, pakuti wapeza mtundu wina wa anthu, omwe ndi okonda mabuku, makamaka aja amene amadzitchanso alembi.

Wokonda mabuku, monga mmene dzinali likugwirira ntchito pano, si munthu wowerenga kwambiri ayi, koma ndi amene sangadutse pamene ogulitsa ayala mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe popanda kuwerama, kunenerera mtengo, ndi kusiyapo ndalama ya ndiwo. Akafika nalo kunyumba amalitsegula pakati n'kulinunkhiza, zomwe zimamupangitsa kuganiza kuti wakwaniritsa mwambi uja popeza bukulo lafikadi pamphuno, kenako amalemba dzina lake ndi tsiku patsamba loyamba, n'kuwerenga mpaka tsamba 12, pamene amaikapo risiti ya magetsi kuti adzapitirize mawa. Risitiyo imafufuma zilembo ili pomwepo. Buku lotere, malinga ndi chiweruzo cha makolo, likadali pachala.

Mphepo imene imaulutsa mabuku imabwera kawirikawiri itavala nkhope ya bwenzi, ndipo mawu ake sasintha, akuti "ndibweza Lolemba," koma satchula kuti ndi Lolemba la mwezi uti. Kuchoka kwa bwenzilo bukulo limapita kwa mlamu wake, amene amalipereka kwa mwana wa Fomu 4, ndipo mwanayo akalemba mayeso masamba ake amakathera kwa mayi wogulitsa mandasi, kumene ogula amawerenga theka la ndime lonyowa ndi mafuta osadziwa kuti nkhaniyo inatha bwanji. Umu ndi mmene nyumba zambiri zinatayira Sikusinja ndi Gwenembe wa John Gwengwe, kapena Nthondo wa Samuel Ntara, buku limene linatuluka mu 1933. Mwini buku amadandaula kuti waberedwa, komatu mlandu wake ndi wovuta kuuweruza, chifukwa ngati wobwerekayo analiwerenga mpaka kumapeto pamene mwiniwake anaima patsamba 12, mwambiwo uli kumbali ya wobwereka. Wina amene ali ndi ufulu wofananawo ndi chiswe, chimene chimayambira kuchikuto chakumbuyo, sichidumpha mutu uliwonse, ndipo sichinamvekepo chikudandaula kuti chasowa nthawi.

Foni yangokulitsa chala. Mabuku amene amatumizidwa m'magulu a WhatsApp amasungidwa mazanamazana ndi munthu amene sanatsegulepo ngakhale limodzi, ndipo tsiku limene foniyo yadzaza, oyamba kufufutidwa ndi iwowo kuti zithunzi za ukwati zipeze malo. Odziteteza amatchula Umberto Eco wa ku Italy, amene anali ndi mabuku oposa 30,000 ndipo sankachita manyazi kuti ena mwa iwo sanawawerenge, koma amaiwala kuti munthuyo anawerenga ochuluka n'kulembanso akeake. Woyenera kumukumbukira ndi Legson Kayira, amene anachoka kwawo kumpoto kwa Malawi mu 1958 wapansi, atanyamula mabuku awiri okha, Baibulo ndi The Pilgrim's Progress, nakafika ku Khartoum, kenako ku America, kumene analemba I Will Try, lomwe linatuluka mu 1965.

Pamene mwambiwu umaluma kwambiri ndi pa ulembi. Pali mlembi amene buku lake lonse lili m'mutu, ndipo amalifotokoza mokoma pamaliro ndi m'minibasi moti omvera amawadziwa anthu a m'nkhanimo ngati anansi awo, koma papepala pali mutu wa buku, dzina la mlembi, ndi mawu opereka bukulo kwa malemu agogo ake basi. Amagula kope lachikuto cholimba chaka chilichonse mu Januwale, amalemba masamba atatu ndi cholembera chatsopano, ndipo pofika Malichi kumbuyo kwa kopelo kumakhala kutalembedwa ngongole za feteleza. Zifukwa zake sizitha: magetsi athima, ana akusokosera, mzimu wa ulembi sunamufikire. Akapanikizidwa amanena kuti nayenso Jack Mapanje ankasunga ndakatulo m'mutu, zomwe ndi zoona, koma Mapanje anachita zimenezo ali m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, kumene akaidi sankaloledwa cholembera ndi pepala, ndipo atatuluka anazitsitsira papepala n'kutulutsa The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison mu 1993. Mlembi wam'minibasi uja alibe msilikali womulondera, ndipo cholembera chili m'thumba la malaya ake.

Choopsa chenicheni chimamugwera tsiku limene wamva pawailesi sewero lofanana ndi nkhani yake, lolembedwa ndi munthu amene sanakumanepo naye, pamenepo amalumbira kuti amubera nzeru ndipo akasuma. Khoti limafuna umboni wolembedwa, ndipo zimene iye angapereke ndi masamba atatu ndi ngongole za feteleza, choncho mlanduwo angaluze tsiku loyamba lomwelo.