Ulemu upite kwa a Diraiva

Kwa Mpama kuno sitiumira kuyamika. Ukwati ukatha timathokoza ophika, woyendetsa perekaniperekani, ngakhale mnyamata wa zokuzira mawu amene watigonthetsa m'khutu tsiku lonse. Wojambula vidiyo nayenso amalandira mbale yake ya mpunga. Koma alipo mkulu wina amene palibe anamuomberapo m'manja, chonsecho ndiye amagamula ngati ukwatiwo udzaonekenso pa sikirini kapena uthera m'katepi. Ndikunena a Diraiva, kapulogalamu kaja kobisala m'kati mwa kompyuta, kamene ntchito yake n'kuchititsa kuti kompyuta ndi kamera zimvane.

Kamera za MiniDV zinayamba kugulitsidwa mu 1995, koma kuno zambiri zinafika zitatopa kale, m'zikwama za abale ochokera ku Joni. Zajambula zinkhoswe, makwaya, tchopa, manganje ndi ziliza zosawerengeka m'Chiradzulu muno. Zonsezo zimakhala pa katepi kokwana m'chikhatho, ndipo kuti wojambula adule, aike nyimbo ndi mayina, n'kubena DVD, zithunzizo ziyenera kuyamba zasamukira mu kompyuta. Apa ndi pamene a Diraiva amaonekera kuti ndi ankhoswe enieni. Kuchimuna kutha kukhala kokonzeka, kuchikazinso chimodzimodzi, koma ankhoswe akangokhala phee, palibe banja limangidwe.

Khalidwe lawo loyamba kulitamanda ndi kusunga chinsinsi. Mumalumikiza chingwe, mumayatsa kamera, mumatsekula Pinnacle Studio kapena Windows Movie Maker, pulogalamu n'kukuuzani kuti sikuona kamera iliyonse. Kamerayo ili pompo patebulo, nyali yake ikuyaka, inuyo mukuiona ndi maso anu awiri. Mukalowa mu Device Manager mumapeza kachizindikiro kachikasu ka makona atatu, ndipo mukakadina kamangoti Code 10, kutanthauza kuti chipangizo chakanika kuyamba. Chakanika chifukwa chiyani? A Diraiva si munthu wa miseche. Masiku ano pamene aliyense amaulutsa za m'nyumba mwake pa Facebook, mkulu wodziwa kutseka pakamwa chonchi ndi wosowa.

Sakondanso zachidule. Wojambula wongoyamba kumene amaona kabowo ka USB pa kamera n'kuganiza kuti wapeza njira. Pa kamera zambiri za tepi, kabowoko n'kotulutsira zithunzi za pa memori khadi, kapena vidiyo yaing'ono yosaoneka bwino, ya nkhope zophwanyikaphwanyika. Vidiyo yeniyeni imadutsa pa chingwe china, chimene chili ndi mayina angapo kuti munthu asachipeze msanga: a Apple amati FireWire, a Sony amati i.LINK, akatswiri amati IEEE 1394, ndipo pa kamera ena anangolembapo DV. Tayesani kuzungulira m'masitolo a ku Limbe mukufunsa dzina limodzi lokha. Wogulitsa wachifundo akupatsani kachipangizo kokhala ndi USB mbali ina, FireWire mbali inayo, n'kulumbira kuti kamagwira ntchito. Sikagwira, chifukwa njira ziwirizi zimatumiza zinthu mosiyana kotheratu, ndipo a Diraiva salandira ziphuphu. Mukachipeza chingwe chenichenicho, muli ndi mayeso ena. Kumutu kwa kamera chili ndi timano 4, kumutu kwa kompyuta nthawi zambiri 6, ndipo tiwiri towonjezerato timanyamula magetsi. Kuchilowetsa mokakamiza chozondoka kompyuta ili chiyakire kutha kuotcha kabowo ka kamera mpaka kalekale. N'chifukwa chake odziwa amayamba azimitsa zonse, n'kulumikiza, kenako n'kuyatsa kompyuta, kamera pomaliza. Mwambo wotere ngakhale kubwalo la mfumu saudandaula.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi ulemu wawo kwa akuluakulu. Pa Windows XP zinthu zinkayenda bwino ndithu. Mu 2009 kunabwera Windows 7 ndi diraiva watsopano wa 1394, wachinyamata, wophunzira, wothamanga. Kamera zambiri zakale zitamuona zinangozizira. Mankhwala ake anali kulowa mu Device Manager, kusankha Update Driver, kukana kuti kompyuta ikusankhireni yokha, n'kuloza dzina lalitali lija la 1394 OHCI Compliant Host Controller lothera ndi mawu akuti Legacy, ndiye kuti diraiva wakale uja. Mukangomubwezera pampando, kompyuta imalira kabelu kake kamera n'kuonekera. Windows 8 itatuluka mu 2012, mkulu wakaleyo anali atachotsedwamo, ndipo patapita nthawi a Microsoft anamutulutsanso padera kuti womufuna akamutenge pa intaneti. Mpaka pa Windows 10 anthu akhala akumuitanabe yemweyo. Paja amati mawu a akulu amakoma akagonera. Sindikudziwa ofesi ina imene munthu wopumitsidwa ntchito anaitanidwanso kangapo chonchi chifukwa omulowa m'malo alephera.

Ena amawanena a Diraiva kuti ndi atsankho, poti khadi ya FireWire yokhala ndi chipu cha Texas Instruments amailandira ndi manja awiri pamene ina yotchipa amaiyang'ana cham'mbali. Ine ndimati kumeneko n'kudziwa chimene ukufuna. Ndi tsankho lomwelo limene lapulumutsa makompyuta akale aja a chibokosi, amene bwenzi pano ana akusewera nawo kudzala. Malaputopu a masiku ano alibe n'komwe kabowo ka FireWire. Motero chikompyuta cha XP chofundikidwa chitenje pakona, chimene chimalira ngati chikufuna kuuluka, chidakali ndi mpando wake m'nyumba ya wojambula.

Tsono tinene kuti ankhoswe avomera. Musaganize kuti mwamaliza. Tepi ya mphindi 60 imasamutsidwa kwa mphindi 60, osachotserapo ngakhale imodzi, pakuti kamera imachita kuisewera kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ola limodzi limadya malo pafupifupi 13 GB. Ngati disiki yanu ndi ya FAT32, fayilo siyingapose 4 GB, ndiye mphindi 20 zisanakwane zonse zimaima, abusa ali m'kati mofunsa ngati alipo wotsutsa ukwatiwu. Mukasuntha mbewa mwachibwana kapena kutsekula pulogalamu ina, zithunzi zina mwa 25 za pa sekondi iliyonse zimagwa m'njira, mkwatibwi n'kumayenda modumphadumpha pamene mawu atsalira kumbuyo. Magetsi nawo amadziwa nthawi yabwino yothimira, tepi itatsala pang'ono kutha.

Phindu la zonsezi ndi lakuti wojambula amaonera ukwati wonse, kawiri kapena katatu, ali tcheru. Palibe munthu m'mudzi amene amadziwa anthu kuposa iyeyu. Amadziwa amalume amene anasinthitsa K1,000 imodzi kukhala ma K20 n'kuvina nayo nyimbo zitatu ngati mpondamatiki. Amadziwa azakhali amene anabwerera kawiri pamzere wa nyama, ndi mnyamata amene maso ake sanachoke pa mmodzi wa operekeza mkwatibwi. Sukulu yotere simungaipeze pa foni.

Ndisaiwale mtima wawo wosenza milandu ya ena. Mwini ukwati akabwera kachitatu kudzafunsa DVD yake, wojambula amangopukusa mutu n'kunena kuti, "Bambo, madiraiva avuta." Nkhani imathera pomwepo, pakuti ndani angatsutse chinthu chimene sanachionepo? Chonsecho nthawi zina a Diraiva amakhala osalakwa. Mwina kamera yasiyidwa pa CAMERA m'malo mwa PLAY kapena VCR. Mwina mitu yowerengera tepi yadetsedwa ndi fumbi la m'chilimwe, zithunzi n'kumatuluka mizeremizere. Mwina ndi mu Juni, chiperoni chakuta phiri la Chiradzulu, chinyezi chalowa m'kamera ndipo yakana kuzungulitsa tepi mpaka iume. Mwina tepi inajambulidwa pa LP ndi kamera ina kuti ikwane mphindi 90, kapena kamera ndi ya NTSC yochokera ku America pamene pulogalamu yatcheredwa pa PAL imene timagwiritsa ntchito kuno. Mwinanso, tinene zoona, wojambula anadya kale ndalama ya ma DVD. Zonsezi zimagwera pamutu pa a Diraiva, ndipo sanayambe adziikirapo kumbuyo.

Achinyamata amaseka. Iwo amajambula ndi foni, ndipo mkwatibwi asanasinthe diresi abale a ku Cape Town aonera kale pa WhatsApp. Zabwino ndithu. Koma maukwati a m'ma 2005 sali pa foni ya munthu aliyense. Ali m'masutikesi pansi pa bedi, pamodzi ndi makhadi a kusikelo, ndipo matepiwo akudyedwa ndi nkhungu chaka ndi chaka. Amene akufuna kuonanso malemu mayi ake akuvina tchopa alibe kolowera kwina koma kugogoda kwa mkulu yemweyu, amene Windows iliyonse yatsopano imamupanikiza pakona.

Choncho mukamva kuti cha ku Njuli kapena ku Mbulumbuzi kuli munthu amene kompyuta yake ikuionabe kamera, pitani ndi matepi anu sabata yomweyo. Mukafika musamulangize zoika Windows yatsopano, musatchajemo foni, ndipo ana akhale panja. Chingwe chija chamangidwa ndi selotepi kumbuyoko chili momwemo pa chifukwa chake.