Nkhondo Yanga ndi Mileme

Ndivomere lero: ine bambo wa ndevu, wa ana atatu, ndinagonja kwa kanyama kochepa ngati mbewa.

Zinayamba ndi fungo. Kenako siling'i ya kuchipinda inayamba kuda, usiku n'kumamveka tswii tswii m'denga. Ndinauza mayi akunyumba kuti asade nkhawa, mwamuna alipo. Ndinathira tsabola wouma pambaula n'kukwera nayo. Mileme sinatsokomole n'komwe. Amene anatsika akuyetsemula, misozi ili mbwembwembwe, ndine, ana akugubuduka ndi phwete.

Mawa lake dzuwa lili paliwombo ndinatseka mabowo onse ndi masanza, osafunsa munthu. Sindinaganize kuti masana ndi pamene eni ake ali momwemo, m'tulo. Usiku, posowa potulukira, iwiri inatsikira kuchipinda kwathu. Zinazo ndisanene. Amene anatsekula mawindo ndi mayi. Wina utatera pakatani, amene anauvindikira ndi kontena, n'kulowetsa katoni pansi, n'kukautulutsa panja, ndi mayi omwewo. Ine ndinali m'neti, ndikulamula nkhondo. Mawu anzeru amene ndinalankhula usiku umenewo ndi amodzi: "Musaugwire ndi manja, ukaluma ungakupatseni chiwewe!"

Kalipentala wa m'dera lathu atamva anangopukusa mutu. "Achimwene, chotsani masanzawo lero lomwe." Unali Disembala, ndipo anati nyengo ya mvula mileme imakhala ndi ana osatha kuuluka, ukatsekera amayi awo kunja, anawo amafera m'denga n'kuwola. Tinapirira fungo mpaka Juni.

Ntchito yeniyeni inali yochititsa manyazi kuphweka kwake. Madzulo tinakhala pabwalo n'kuona pamene ikutulukira: kampata pansi pa malata, kongolowa chala. Kalipentala uja anakhomapo kachidutswa ka neti pamwamba ndi m'mbali, pansi n'kusiya polendewera, kuti yotuluka itulukedi koma pobwera isowe khomo. Patatha sabata, denga lili zii, anatseka ndi simenti. Palibe ngakhale umodzi unafa.

Zitosi ndinakolopa ndekha, nditavala masiki ndiponso nditayamba ndawaza madzi, poti fumbi lake limadwalitsa mapapo. Zinadzaza ndowa ziwiri, ndipo mayi anakazithira kudimba. Mpiru wake masamba ngati a fodya. Alendo akayamikira ndiwo, mayi amangondiyang'ana n'kunena kuti, "Thokozani adani a bambo."