Chipolopolo choyenera khoswe wa pa Chezi

Khoswe si mnzake wa mbewa. Mbewa ili ndi ulemu: imakhala kumunda, imadya pang'ono, ndipo dzinja likatha imabweza ngongole yonse podzipereka pa mpani. Khoswe ndi wa m'nyumba. Salipira lendi, salima, feteleza sagula nawo, koma tikakolola amafika ndi mtundu wake wonse, ndipo akafa palibe amene amamuyesa ndiwo. Mkazi wake amakhala ndi bere masabata atatu okha n'kuswa ana ambirimbiri. Mano ake amakula moyo wake wonse, choncho akamatafuna thumba, sopo kapena buku la kusikelo la mwana, iye amati akungosamala mano.

Chaka chino ndinakolola chimanga chokwanira kuti anthu a m'mudzi muno, mmene ndili mkamwini, ayambe kundipatsa moni mokweza. Makoswe nawo anamva. Nkhondo ili mkati, alamu anga anatulukira kuchokera ku Joni, ndipo mukudziwa kuti munthu akakhalako ku Joni amabwerako akudziwa chilichonse.

"Alamu," anatero, "anzathu kunjaku khoswe sathamangitsa ndi chikuni. Amawombera."

Anandionetsa pa foni azungu ali m'khola usiku, mfuti ili ndi diso loona mumdima, makoswe akungoti phii! phii! Kenaka sukulu inayamba. Pali chipolopolo chotchedwa .22, chaching'ono, m'mimba mwake mamilimita osakwana 6, chimene anayamba kupanga ku America mu 1887. Kuchepa kwakeko n'kwachinyengo, chifukwa chikaphonya chimatha kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka. Ndinawerengera mwachangu. Kuchokera pa nkhokwe yanga, chikhoza kukatera pamsika, pa msewu wa M14, pakati pa mulu wa tomato wa amayi amene amagulitsa kwa anthu opita ku Salima. Amayi amenewo amaimitsa basi ndi mawu okha. Ndimawaopa kuposa asilikali a ku Mvera.

Chachiwiri ndi chipolopolo cha msinkhu womwewo, koma chodzaza timibulu ta mtovu tating'onoting'ono. Chikaphulika timamwazika, ndipo mphamvu yake imathera pa mapazi ochepa. Anachipangira dala kuti khoswe afe koma khoma la khola litsale. Chachitatu ndi mfuti ya mphepo, yosafuna onga, yoponya kachipolopolo ka mamilimita 4.5 kapena 5.5.

Mtima unakwera. Koma dziko lino lili ndi lamulo la mfuti la 1967, ndipo mfuti ya zipolopolo imafuna chilolezo cha ku polisi, kumene amafunsa chifukwa. Ndinayeserera mumtima. "Bwana, ndikufuna mfuti." "Yachiyani, bambo?" "Makoswe, bwana." Ngakhale m'maganizo mwangamo, bwanayo anatuluka panja kukaitana anzake kuti adzamve okha. Alamu atatchulanso mtengo, ndinaona kuti ndiyenera kugulitsa chimanga chonse kuti ndigule chochitetezera. Za gogodela ya agogo ndiye sindinaganizeko, popeza imeneyo inkaopsa wowombera kuposa nyama.

Ndinabwerera ku mfuti ya makolo: legeni. Mphanda ya mgwafa, mphira wa chubu, kachikopa ka nsapato yakale. Koma nzeru za alamu sindinataye. Ndinakonza zipolopolo zanga za mitundu itatu, monga amachitira akatswiri.

Choyamba chinali mwala wosalala wa kumtsinje. Usiku mwana wanga wamkulu anagwira tochi ya foni, ine ndinagwada. Khoswe wina anali atakhala phee pa mkhate umene apongozi anatipatsa titangolowa m'banja. Akale anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ine ndinkayesa kuti ndi mwambi wonena za mbale wako wakuba amene sungapite naye ku bwalo. Ayi ndithu, ndi lipoti la munthu amene anayesapo. Ndinakoka mphira mpaka kukhutu. Mwalawo unafika ndendende pamene khoswe anakhala, ndipo pamenepa ndikufuna mumvetse bwino: kumeneko si kuphonya. Khoswe ndiye anachoka asanandiuze.

"Bambo a ana, n'chiyani chimenecho?" anafunsa mayi a kunyumba ali kuchipinda.

"Ndi nkhondo, mayi. Gonani."

"Wafa ndani?"

"Tiwerenga kukacha."

Kutacha tinawerenga mapale.

Chachiwiri chinali timipira tachitsulo timene ndinachotsa mu habu ya njinga yanga. Imeneyi ndiyo .22 yanga, yolemera, yolunjika, yosamva za munthu. Mdani anali akuyenda pa mtanda wa denga, mchira ukulendewera mwamatama. Phaa! Khoswe anapitiriza ulendo, ine ndinaona nyenyezi kudzera m'lata. Tsopano tili ndi mpopi wa m'nyumba umene uzigwira ntchito kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo mayi a kunyumba akankha bedi mosamala kuti madziwo azifikira mbali yanga. Njinga nayo, chiichotsereni timipira tija, ikamatsetsereka zitunda za kuno ku Dowa imalira moti anthu amapatuka ndisanaimbe belu.

Apa m'pamene ndinatulukira chimene alamu sanandiuze. Khoswe sakhala pamtetete. Nthawi zonse kumbuyo kwake kumakhala chinthu chodula kuposa iye: mtsuko, wailesi, galasi, kaphiri ka mbale za alendo. Posankha chipolopolo usayang'ane khoswe, yang'ana chimene ungakwanitse kulipira.

Choncho chachitatu ndinaumba timipira ta dongo lofiira n'kutiyanika padzuwa, tomwazika tikagunda khoma, tosaononga katundu. Ndipo ndinamulasa! Mwana wanga ndi mboni. Kadongo kanaphwanyika pamsana pake penipeni. Khoswe anadzikung'untha fumbi, anandiyang'ana kanthawi, n'kutembenuza chisononkho kuti adye mbali inayo.

Ndinatchulako za tameki. Mayi a kunyumba anakana ndisanamalize, ndipo apa sindinatsutse. Mankhwala amenewo anapangira tizilombo ta m'nthaka, ndipo sasankha: amapha nkhuku yotola nyambo, galu wodya khoswe wakufayo, ngakhale mwana wokwawa. Khoswe amene wadya amakafera pobisika, n'kumabwezera ndi fungo.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndinachimva kwa alamu omwewo. Ku Morogoro, ku Tanzania, bungwe la APOPO limaphunzitsa abwampini kununkhiza mabomba okwirira pansi. Anagwira ntchito ku Mozambique, dziko limene linalengeza mu 2015 kuti lathana ndi mabomba amenewa, ndipo mmodzi wotchedwa Magawa analandira mendulo yagolide mu 2020 chifukwa cha ntchito yake ku Cambodia. Msuweni wa mdani wanga anapata mendulo. Ine ndili ndi ngongole ya mkhate.

Legeni mayi a kunyumba analanda mmawa wina ndikusukusula. Chiyambire Disembala 1993, pamene asilikali analanda mfuti za a Payoniya, sindinamvepo munthu akulandidwa zida mwachangu chotero. Mphira wake tsopano ukumangira dengu la tomato pa keliyala. Chimanga anatonola, anathira mankhwala a anankafumbwe, n'kutsekera mu mgolo wachitsulo. Kenaka anakabwereka mphaka kwa apongozi, amene anafunsa kaye za mkhate wawo.

Mphakayo alibe chilolezo, sanapiteko ku Joni, ndipo za mamilimita sadziwa. Akagwira khoswe amakamuika pafupi ndi nsapato zanga, osati za wina aliyense. Usipa ukapsa, mitu imayamba yapita kwa iye. Apongozi atumiza uthenga kudzera mwa mdzukulu wawo kuti mphakayo ndi wobwereka, ndipo akangomva kuti ndakoka mphira iye ali m'nyumba, aitanitsa ankhoswe.

Pakadali pano ndikuumba dongo lina kuseri kwa khola la mbuzi. Ulendo uno ndasakaniza ndi timiyala.