Ndiyamikeni Ndikadali ndi Makutu

Pa chaka pali masiku atatu amene ine ndimasamba m'mamawa popanda wondikakamiza. Loyamba ndi 1 Meyi, tsiku la apantchito, pamene pa boma amaitana mayina a anthu akhama n'kuwapatsa masetifiketi, mabulangete ndi matilesi. Enawo ndi 25 Meyi ndi 24 Okutobala, pamene Pulezidenti amaveka anthu mendulo ku Lusaka. Masiku amenewa ndimakhala pafupi ndi wailesi, foni nditaitchajitsa dzulo lake, kuopa kuti akuluakulu angandisowe. Dzina langa limandidutsa ngati basi ya ku Chipata yodzaza kale.

Mu 2012, nthawi ya Pulezidenti Michael Sata, Sinda ndi Vubwi atakhala maboma paokha, ndinavina. Anzanga ankakondwera kuti maofesi abwera pafupi. Ine wa ku Sinda ndinkawerengera zina: mpikisano wachepa, sindilimbananso ndi anthu onse a ku Katete ndi ku Petauke. Koma boma litachepa, m'pamene anandiona bwinobwino, n'kupatsa wina.

Musandiseke msanga. Ife Achewa nkhaniyi tinaidziwa kale. Pitani ku Mkaika Loweruka lomaliza la Ogasiti, pamene mafumu a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Muyang'ane gule akalowa m'bwalo. Amayi akathira nthungululu, wina n'kuponya ndalama kufupa, fumbi limakwera mpaka ang'oma kutsokomola. Anthu akauma manja, chilombo chimagwedeza phewa kawiri n'kubwerera kudambwe. Ndiye mu 2005 a UNESCO anauzindikira Gule Wamkulu kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Tangoganizani, chilombo chochokera kumanda chikudziwika mpaka ku Paris, ine wamoyo, wokhala ndi chitupa, sindidziwika ngakhale pa msika wa Sinda.

Tsono njala yofuna kuyamikidwa imeneyi yandigwiritsa ntchito zimene ndalama sizikanatha. Pamsonkhano wina anyakwawa anangoti, "A Phiri awa ndiwo amuna m'mudzi muno." Sindikudziwa ngati ankanena ine, poti a Phiri tinalipo theka la bwalo, koma ndinawalandira mawuwo m'malo mwa onse. Kutacha ndinalambula pa mjigo, ndinakumba ngalande, ndinamanga mpanda woletsa nkhumba. Lero ndine wachiwiri kwa mlembi wa komiti ya mjigo, udindo wopanda malipiro, wopanda cholembera, koma wokhala ndi sikipa. Sikipayo ndimavala kutchalitchi, kuukwati ndi kumaliro.

Mayi akunyumba anaiona mfundoyi msanga kuposa boma. Kale ankati, "Inu bambo, denga likudontha," ine n'kuyankha kuti mvula ya chaka chino ndi yamwano. Masiku ano amadikira anzawo abwere kudzasenda nawo nsawa, n'kunena mokweza kuti, "Amuna anga akagwira denga, ngakhale dontho silipita." Ndimadziwa kuti ndi msampha. Ndimauona ndi maso anga awiri. Koma mawuwo asanathe ndimakhala ndili pamwamba, udzu kukhwapa.

Pali ena oyenera kuyamikidwa kuposa ine, ngakhale kunena zimenezi kukundipweteka pakhosi. Alipo odzipereka a zaumoyo amene amapalasa njinga usiku kuperekeza mayi wodwala kuti akafike ku St Francis, chipatala chimene chakhala chikulandira odwala ku Katete kuyambira 1948. Alipo aphunzitsi a kumalire ku Vubwi amene amaphunzitsa ana ambirimbiri choko chili chimodzi. Zikomo sagula feteleza, zimenezo ndikudziwa, ndipo wolemba anthu ntchito asabisale kuseri kwa setifiketi. Koma munthu amene walandira malipiro popanda womuyang'ana kumaso amagwira zimene anamuuza basi. Amene wamva dzina lake pagulu amawonjezera ndi zimene sanamutume.

Vuto lathu ndi loti mawu okoma timawasungira tsiku la maliro. Pamenepo ndiye aliyense amakhala mzati wa mudzi, ngakhale amene mbuzi zake zinatha minda ya anthu. Mwini wake ali gone, sangathe n'komwe kunena kuti bwerezani pamenepo.

Choncho ndikupempha abale, akumpingo ndi a komiti ya mjigo kuti mbiri yanga ya pamanda muigawe pawiri. Zoti ndinali wakhama, wofatsa ndi wokonda chitukuko mundiuziretu chaka chino, makamaka pamaso pa apongozi. Chigawo chija amafunsa kuti, "Alipo amene malemuwa anali naye ngongole?" chimenecho musafulumire nacho. Chidikire tsiku lake.