Kalata Yochokera ku Joni: Za Nkhukundembo Yogaya, Shuga ndi Tsabola

Johannesburg, South Africa

Kwa atsibweni, amayi ndi mbumba yonse,
kwa Mkanda, m'boma la Mchinji.

Moni wa ulemu apite kwa atsibweni, eni mbumba, kwa amayi, kwa azakhali ndi kwa alamu onse. Wolemba kalatayi, mwana wa mlongo wawo wa atsibweni, akudziwitsa onse kuti ali moyo, ntchito ikugwirika ndipo m'thupi muli bwino. Cholinga cha kalata ino ndi kuyankha, mwadongosolo ndi mosapsa mtima, milandu imene yamveka kuchokera kumudzi chitumizireni chithunzi cha chakudya chake chamadzulo pa WhatsApp ya banja: kuti nyama ya m'mbalemo inali yosadziwika mwini wake, kuti munthu wothira shuga m'ndiwo watchona kapena mutu wake sukuyenda bwino, ndiponso kuti mwamuna wa msinkhu wotere wodziphikira yekha akuchititsa manyazi mtundu. Mlandu womalizawu sukambidwa muno, pakuti azakhali amene anaudzutsa ali ndi mwana wamkazi wosakwatiwa, msuweni wake wa wolembayu, ndipo mboni yotere singaweruze mosakondera.

Nyama ija ndi ya nkhukundembo, mbalame ya mutu wopanda nthenga ndi minofu yofiira yolendewera pakhosi, imene kumudzi imatchuka ndi kuthamangitsa ana opita kusukulu kuposa kukoma kwake, popeza ambiri amakula nayo pabwalo koma osailawa. Mbalameyi inayamba kuwetedwa ku Mexico kalekale, ndipo anthu a ku Spain anaitengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, kumene inachokera pofalikira m'maiko ena. Pa ichi nkhukundembo sikusiyana ndi chimanga, mtedza, tomato ndi tsabola, pakuti zonsezi kwawo ndi ku America, kotero kuti munthu wa ku Mchinji wofuna kukana chakudya chifukwa choti n'chobwera ayenera kuyamba wagwetsa nkhokwe yake. Kuno alimi oweta nkhukundembo zogulitsa ndi ochepa, ndipo nyama yambiri imabwera pa sitima zapamadzi itaumitsidwa ndi madzi oundana, kuchokera ku maiko monga Brazil. M'mabutchala imapezeka kawirikawiri ili mapiko ndi miyendo, ndipo wofuna minsi amagula yogayiratu kapena kupempha wa butchala kuti asadze mnofu wa miyendoyo n'kuupitiriza pa makina. Minsi ndi nyama yochotsedwa mafupa ndi chikopa, yogayidwa mpaka kusanduka timibulu tating'ono ngati mphale.

Kudandaula kwa atsibweni pa za nyamayi kuli ndi maziko ake, ngakhale kuti iwo sanawatchule poyera. Nkhuku ikaphedwa kumudzi, mphika wake umayendera malamulo odziwika kwa aliyense: nthutumba ndi ya mlendo kapena ya mwini khomo, ndipo ikasowa m'mbale wophika amafunsidwa mafunso ovuta; ntchafu zimapita kwa akuluakulu; ana amalandira khosi, mutu ndi zipalapasiro, n'kuuzidwa kuti nthawi yawo idzafika. Munthu wongofika kumene pamudzi angathe kudziwa udindo wa aliyense poyang'ana m'mbale zokha, osafunsa dzina la munthu. Minsi imafafaniza dongosolo lonseli. Ilibe nthutumba, ilibe ntchafu, ilibe ngakhale fupa loti munthu wamkulu aliswe ndi mano n'kuyamwa mafuta ake ana akuonerera, ndipo chipande cha mfumu ndi cha mkamwini zimatuluka mumphika zofanana ndendende. Wolembayu sakutsutsa kuti ndiwo zotere zikadaphikidwa pa chinkhoswe kwa Mkanda, ukwati ukadatha usanayambe. Koma m'chipinda cha lendi, mokhala amuna a misinkhu yofanana amene amasonkha ndalama zofanana, ndiwo zopanda wamkulu ndizo zimasunga mtendere, pakuti mkangano wa ntchafu umatha kusamutsa munthu pakati pa mwezi.

Chifukwa chenicheni chophikira minsi ndi nthawi. Amuna a m'badwo wa atsibweni amene anabwera kuno kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya m'migodi ya golide, ankagona m'makomboni a mgodi, ndipo nsima, nyemba, nyama ndi mahewu zinkaphikidwa m'miphika ikuluikulu ya kampani, iwo n'kumangofola ndi mbale m'manja. Njira imeneyo inaduka mu 1974, pamene ndege yonyamula anthu obwerera kwawo inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi opitirira 70, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Inatsekulidwanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, n'kutheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Choncho madoda amene lero amanyoza mnyamata wodziphikira akumbutsidwe mwaulemu kuti iwo ku Joni ankaphikiridwa. Wobwera masiku ano amagwira ntchito m'munda wa maluwa, m'sitolo, pa zomangamanga kapena pa ulonda, amanyamuka kusanache pa minibasi imene kuno amaitcha taxi, n'kubwerera kutada, ndipo kunyumba amapeza sitovu ya mafuwa awiri ili ndi mzere wa anthu oidikira. Magetsi ake ndi ogula mayunitsi, kotero kuti mphika wa nyemba wofuna maola awiri kapena atatu umadya ndalama zambiri kuposa nyembazo. Pamwamba pa izi panali kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana madera, kumene kuno amati load shedding ndipo kunafika poipa kwambiri mu 2023, ngakhale kuti Amalawi, amene anaphunzira kale za mdima kwawo, sanadabwe nako kwenikweni. Ndiwo zopsa m'mphindi 25 ndi nzeru ya munthu wofuna kudya magetsi asanapite.

Kaphikidwe kake ndi aka. Theka la kilogalamu la minsi limakwanira amuna atatu odziletsa, kapena awiri onena zoona. M'chiwaya chotentha bwino amathiramo masupuni aakulu awiri a mafuta ophikira, n'kuyalamo nyamayo, n'kuisiya osaitakasa kwa mphindi zitatu kapena zinayi mpaka kunsi kwake kutafiirira. Apa m'pamene ambiri amalakwira, chifukwa dzanja lozolowera mthiko silifuna kukhala chete, ndipo nyama yotakasidwa msanga imatulutsa madzi n'kuyamba kuwira m'malo mokazingika, mapeto ake imatuwa n'kusowa fungo. Kufiirira kuja kumachitika pamene mapuloteni ndi shuga wachilengedwe wa m'chakudya akumana pa moto waukulu, ndipo amene anayamba kulongosola zimenezi anali katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, mu 1912, ngakhale kuti ootcha kanyenya pa Kamwendo amazidziwa bwino popanda kumva dzina lake. Nyama ikafiirira amaiphwanya ndi supuni, n'kuthiramo anyezi mmodzi wodula bwino, adyo wosinja, kachidutswa ka jinja ndi tsabola, kenako tomato awiri. Pambuyo pake amathira masupuni awiri a sosi wa soya, amene ndi madzi akuda amchere ochokera ku maphikidwe a ku China, opangidwa posasitsa soya ndi tirigu. Mbewu yake ndi yomwe ija alimi a ku Mchinji amagulitsa kwa mavenda a sikelo zokayikitsa, kungoti ikalowa m'botolo mtengo wake umayamba kulemekezeka. Popeza sosiyu ali kale ndi mchere wambiri, wophika salawa ndi maso koma ndi lilime asanaonjezere wina.

Chotsekemera chimalowa pomaliza, chifukwa shuga akakhalitsa pa moto waukulu amapserera n'kuwawitsa ndiwo zonse. Angakhale masupuni awiri a chutney, amene ndi zipatso zophikidwa pamodzi ndi shuga, viniga ndi zokometsera mpaka kulimba, kapena supuni imodzi ya shuga wabulauni kapena ya uchi, ndipo pamwamba pake amafinyira theka la ndimu kuti kutsekemera kusapitirire malire. Nyama ya mbalame yogaya iyenera kupsa mpaka mkati, osatsala kufiira paliponse, ndipo akatswiri a zaumoyo amanena kuti kutentha kwa mkati mwake kufike madigiri 74 pa muyeso wa Celsius, pakuti makina ogayira amamwaza m'nyama monse tizilombo monga Salmonella, timene pa nthuli yathunthu tikadakhala makamaka kunja.

Tsopano mlandu wa shuga. Kusakaniza nyama, tsabola ndi zotsekemera ndi mwambo wakale m'dziko lino, ndipo wolembayu anaupeza ulipo. Kampani ya Adatchi yochita malonda ndi maiko a kum'mawa itakhazikika ku Cape mu 1652, inayamba kubweretsa akapolo kuchokera ku zilumba za Indonesia, ku India, ku Madagascar ndi ku Mozambique, ndipo ena mwa iwo anali ophika m'nyumba za atsamundawo. Ndi mbadwa zawo, zodziwika kuti Cape Malay, zimene zimatchuka ndi bobotie, minsi yothira curry, zipatso zouma ndi chutney, yophikidwa mu uvuni ndi mazira pamwamba. Mu 1860 Amwenye oyamba anafika ku Natal kudzalima nzimbe, ndipo ndiwo anadzetsa maphikidwe a tsabola amene mzinda wa Durban umadziwika nawo. Zokometsera zawo zimapezekanso muno mu Johannesburg m'masitolo a ku Fordsburg. Botolo la chutney wa Mrs Ball's limapezeka patebulo pa olemera ndi osauka omwe. Ndipo amene akuseka kumudzi aganizire bwino za mbale zawo: futali, amene ndi mbatata yotendera, ndi wotsekemera ndi wamchere nthawi imodzi ndipo palibe anapitapo naye kubwalo la mfumu, anyezi wokazinga ndi tomato wakupsa ali ndi shuga wawo, ndipo alamu ena, amene dzina lawo lisungidwa chifukwa cha ulemu, amathira masupuni anayi m'kapu imodzi ya tiyi, kuposa amene amalowa mumphika wa anthu atatu.

Za tsabola mlandu panalibe, koma m'pomwe pagona vuto lenileni la wolembayu. Kuwawa kwa tsabola kumachokera ku mankhwala achilengedwe otchedwa capsaicin, amene sasungunuka m'madzi koma m'mafuta, n'chifukwa chake womwa madzi atapsa m'kamwa amangofalitsa motowo, pamene mkaka umauzimitsa. Shuga nayenso amachepetsa ukali wake pa lilime, ndipo ichi ndicho chimalola wophika kuthira tsabola wambiri popanda kuliza odya. Tsabola wa m'masitolo a kuno amawawa ndithu, koma alibe fungo la kambuzi, katsabola kozungulira kachikasu kamene kamanunkhira kasanadulidwe. Botolo la Nali, lija limachenjeza abale kuti asamale, limafika mwa apo ndi apo ndi apaulendo, ndipo likafika limasungidwa m'sutikesi pamodzi ndi pasipoti, pakuti mnzake wa chipinda, wochokera ku Mzimba, amanena masana kuti tsabola amamupweteka m'mimba, koma botolo likakhala poyera limaphwa usiku.

Pali chinthu chimodzi chimene maphikidwe a Azungu ndi a Amwenye sanachiganizire pa ndiwo zimenezi. Nyama ya nkhukundembo ili ndi mafuta ochepa ndipo imauma msanga, kotero kuti pa nsima imayoyoka, osamatirira ku mbamu. Supuni ziwiri za nsinjiro zosungunula m'madzi pang'ono, zothiridwa mphindi zisanu mphika usanaphulidwe, zimamanga msuzi, zimafewetsa nyama ndipo zimagwirizana ndi tsabola ndi shuga kuposa chinthu china chilichonse chogula m'botolo. Ndi nsinjiro, ndiwozi zimadyeka ngakhale ndi pap, nsima ya kuno yophikidwa ndi ufa wa m'masitolo monga Iwisa kapena White Star, umene suviikidwa m'madzi monga ufa woyera wa kumudzi ndipo umamveka wamisere m'manja. Pa mpunga wa Kilombero zikadakoma koposa, koma mpunga umenewo ukafika kuno umakhala wa Khirisimasi.

Amayi achenjezedwe kuti asayese maphikidwe amenewa pa nkhukundembo ya atsibweni, ija yaimuna yolondera khola, poisinja mumtondo. Mbalame yokalamba yoyenda pabwalo ili ndi mitsempha yolimba, imafuna kuwiritsidwa maola ambiri pa nkhuni, ndipo nthutumba yake ili kale ndi mwini.

Pempho la wolembayu ndi lakuti ndalama zikafika pa Mukuru kumapeto kwa mwezi uno, zotsala pa feteleza zigulire kambuzi wouma ndi mtedza wa Chalimbana wosankhidwa bwino, wopanda chuku, pakuti mtedza wosungidwa pachinyontho umamera nkhungu ya poizoni yowononga chiwindi. Mtedzawo usinjidwe kumudzi konko. Katunduyo apite ku Lilongwe n'kuperekedwa kwa munthu wodziwika wokwera basi yodzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge mpaka pa Park Station, ndipo kambuzi amangidwe m'mapulasitiki awiri, padera ndi nsinjiro, kunja kwake osalembapo zimene zili mkati.

Ndi ulemu wonse,
mwana wa mbumba yawo wokhala ku Joni.